Kumvetsera Magazi mu Impso Yaing'ono

Mawu akuti "impso imodzi ndi yaing'ono" akuchuluka pa mapepala amene makolo amatuluka nawo m'zipinda zojambulira. Sikuti impso za ana zayamba kuchepa masiku ano, ayi. Chachitika n'chakuti makina a ultrasound, amene kale ankapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha, afika m'zipatala za m'maboma ndi za mishoni, ndipo chimene chinkabisika mpaka munthu atakula tsopano chikuoneka mwana ali khanda, mwinanso asanabadwe. Kholo likamva mawuwo limafunsa ngati impsoyo idzakula. Dokotala amakhala ndi funso lina, ndipo chithandizo chonse chimatsamira pa yankho lake: kodi impsoyi inapangika yaing'ono, kapena yafota chifukwa magazi sakufikako mokwanira? Pa chithunzi chakuda ndi choyera ziwirizi zikhoza kufanana. Zimasiyana munthu akayeza kayendedwe ka magazi.

Impso ya munthu wamkulu ndi yotalika masentimita 10 mpaka 12, ndipo ziwirizo kuziika pamodzi pa sikelo sizikwana theka la kilogalamu. Komabe zimalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a magazi onse amene mtima umapopa, kuposa lita imodzi pa mphindi. Pa tsiku zimasefa madzi okwana malita 180, n'kubwezera pafupifupi onsewo m'thupi, kusiya lita imodzi kapena awiri amene amatuluka ngati mkodzo. Ntchitoyi imagwiridwa ndi timasefa ting'onoting'ono totchedwa nephron, ndipo impso imodzi imakhala nato pafupifupi 1 miliyoni, ngakhale kuti anthu amasiyana kwambiri: ena ali nato tosakwana 300,000, ena topitirira 2 miliyoni.

Timasefati timapangika mwana ali m'mimba, ndipo kupangika kwake kumatha mimba ikafika masabata 36. Kuchokera pamenepo palibe kena kowonjezera mpaka imfa. Impso ya khanda, yotalika masentimita 4 kapena 5, imakula chifukwa timasefa tomwe tilipo tikukula, osati chifukwa tikuchuluka. Mwana wobadwa masiku asanakwane amapitiriza kupanga timasefa kwa masabata ochepa chabe, ndipo wobadwa wosakwana makilogalamu 2.5 kawirikawiri amakhala nato tochepa. Mu 1988 Barry Brenner wa ku Harvard ndi anzake anafotokoza kuti munthu wa timasefa tochepa amakhala pa chiopsezo cha BP yokwera ndi matenda a impso akadzakula, popeza kasefa kalikonse kamasenza katundu wa tinzake tomwe kulibe, mpaka kutopa. Nkhaniyi ikukhudza chigawo chino mwachindunji. Lipoti la Born Too Soon la mu 2012 linaika Malawi patsogolo pa mayiko onse, ndi ana 18 mwa 100 alionse obadwa masiku asanakwane, pamene Zimbabwe ndi Mozambique anali ndi oposa 16. Lipoti la mu 2023 linatsitsa chiwerengero cha Malawi, koma linamusiyabe pakati pa mayiko amene vutoli ndi lalikulu. Malungo pa nthawi ya pakati ndi kuperewera kwa chakudya zimachepetsa kulemera kwa mwana wobadwa, choncho zimakhudzanso impso zake, ngakhale kuti ambiri mwa ana otere impso zawo zimaoneka zabwinobwino pa makina.

Impso yoonekeratu kuti ndi yaing'ono ili ndi magwero osiyanasiyana. Ina inangopangika ndi timasefa tochepa koma toyalidwa bwino, ndipo madokotala amati hypoplasia. Ina inasokonekera popangika, minofu yake n'kukhala yosakanikirana ndi timatumba ta madzi, nthawi zina ndi chichereŵechereŵe chimene malo ake si mu impso. Imeneyo ndi dysplasia. Zilema zobadwa nazo za impso ndi njira za mkodzo ndizo zimachititsa pafupifupi theka la matenda a impso okhalitsa mwa ana. Koma pali impso imene inabadwa yabwino n'kudzafota pambuyo pake, mwina chifukwa cha zipsera za matenda a m'njira ya mkodzo obwerezabwereza, mwina chifukwa mkodzo unatsekeka kwa nthawi yaitali, monga zimachitikira anthu ena a m'mbali mwa nyanja amene likodzo linawononga njira zawo za mkodzo. Ndipo pali impso yanjala, imene mtsempha woibweretsera magazi unapanikizika. Mwa zonsezi, yanjalayi ndiyo imene nthawi zina imakonzeka, ndipo n'chifukwa chake kuipeza msanga kuli ndi phindu lalikulu.

Makina a ultrasound amagwira ntchito ngati mleme. Amatumiza m'thupi mawu okwera kwambiri amene khutu la munthu silingamve, n'kumvetsera mmene akubwerera. Ian Donald wa ku Glasgow ndi anzake anasonyeza mu 1958 kuti mawu obwererawo akhoza kusandutsidwa chithunzi cha zam'mimba. Koma kuyeza magazi oyenda kumadalira nzeru ina yakale kuposa pamenepo. Mu 1842, ku Prague, Christian Doppler anafotokoza kuti mafunde ochokera ku chinthu chimene chikuyandikira amafika atapanikizana, ndipo ochokera ku chinthu chimene chikutalikira amafika atatambasuka. Aliyense amene anaimapo m'mbali mwa msewu ambulansi ikudutsa anamva zimenezi: kulira kwake kumakhala kokwera ikamabwera, n'kutsika ikangodutsa. Shigeo Satomura wa ku Osaka ndiye anagwiritsa ntchito mfundoyi pa mtima ndi mitsempha m'zaka za m'ma 1950. Mawu akagunda maselo ofiira amene akuyenda amabwerera atasintha pang'ono, ndipo kusinthako kumauza makina liwiro la magazi ndi kumene akulowera.

Pa sikirini magaziwo amaoneka ofiira kapena abuluu. Anthu ambiri, ngakhale ophunzira zachipatala ongoyamba kumene, amaganiza kuti kufiira ndi magazi ochokera kumtima ndipo ubuluu ndi obwerera. Si choncho. Mitunduyo imangosonyeza ngati magazi akubwera cha ku kachipangizo kamene woyeza wagwira m'manja kapena akuchokako. Akatembenuza kachipangizoko, mitundu imasinthana. Pali chisokonezo china chimene chili m'chinenero chenichenicho. Pa Chichewa BP yokwera imatchedwa kuthamanga kwa magazi, pamene makina a Doppler amayeza kuthamanga kwenikweni, masentimita angati pa sekondi. Kholo louzidwa kuti magazi akuthamanga kwambiri mu mtsempha wa impso likhoza kumva ngati lauzidwa za BP, chonsecho ndi zinthu ziwiri, ngakhale kuti china chimabala chinzake.

Woyeza akasankha kamtsempha kamodzi mkati mwa impso, makina amajambula mzere wokwera ndi kutsika ngati mapiri otsatizana. Nsonga ya phiri ndi liwiro la magazi pamene mtima wafinya, ndipo chigwa ndi liwiro lotsala mtima ukamapuma. Impso yathanzi imalandira magazi mosalekeza, choncho chigwa chake sichifika pansi. Léandre Pourcelot wa ku France anapereka mu 1974 njira yosavuta yowerengera zimenezi: kuchotsa liwiro la m'chigwa pa liwiro la pansonga, n'kugawa chotsalacho ndi liwiro la pansonga. Ngati pansonga magazi akuyenda masentimita 50 pa sekondi ndipo m'chigwa 20, yankho ndi 0.60. Nambala imeneyi imatchedwa resistive index, ndipo mwa munthu wamkulu wathanzi imakhala cha pamenepo, osapitirira 0.70. Ikakwera, ndiye kuti magazi akuvutika kudutsa m'minofu ya impso.

Apa ndi pamene ana amalakwiridwa kawirikawiri. Khanda lathanzi likhoza kukhala ndi nambala yoposa 0.70, ndipo imatsika pang'onopang'ono m'zaka zoyambirira za moyo. Woyeza amene anaphunzira pa akuluakulu okha, akagwiritsa ntchito malire a akuluakulu pa mwana wa miyezi itatu, adzalemba matenda pamene palibe, ndipo banja lidzagulitsa mbuzi kulipira ulendo wa ku chipatala chachikulu wopanda chifukwa. Nambalayi imasinthanso ndi kugunda kwa mtima, kuuma kwa mitsempha, kuchepa kwa madzi m'thupi, ngakhalenso mmene woyeza akukanikizira pamimba pa khanda. Ili ndi tanthauzo ikayerekezedwa ndi ya impso inzake mwa mwana yemweyo, tsiku lomwelo.

Impso yanjala ili ndi mbiri yake. Mu 1934, ku Cleveland, Harry Goldblatt anapana mitsempha ya impso za agalu ndi tizitsulo, ndipo BP ya agaluwo inakwera. Impso ikaona kuti magazi akuifika ochepa imatulutsa renin, chinthu chimene Robert Tigerstedt ndi Per Bergman anachipeza ku Stockholm mu 1898, ndipo renin amayambitsa ndondomeko yofinya mitsempha ya thupi lonse ndi kusunga mchere. Impsoyo imakhala ikudzipulumutsa yokha, koma mtengo wake amalipira ndi mtima, ubongo, maso ndi impso inzake. Mwana wa zaka 8 wodandaula mutu, wosaona bwino, mwinanso wokomoka, akhoza kupatsidwa mankhwala a malungo kangapo asanapezeke woganiza zomuyeza BP. Ku Ulaya ndi ku America kupanikizika kwa mtsempha wa impso mwa ana kumachitika kwambiri chifukwa cha kusakula bwino kwa khoma la mtsemphawo. Ku South Africa madokotala a ana akhala akupeza kuti gwero lalikulu ndi matenda a Takayasu, otupitsa mtsempha waukulu wochokera kumtima pamodzi ndi nthambi zake. N'chifukwa chake woyeza wa m'chigawo chino sayenera kuyang'ana impso yokha. Ayenera kutsatanso mtsempha waukuluwo m'mimba monse.

Pa makina, kupanikizikaku kumaoneka pawiri. Pamalo opanikizika penipenipo magazi amathamanga ngati madzi a mu paipi imene munthu waitseka theka ndi chala, ndipo liwiro loposa masentimita 180 kapena 200 pa sekondi limadzutsa chikayikiro, makamaka likaposa katatu ndi theka liwiro la mu mtsempha waukulu. Kuseri kwa malowo, mkati mwa impso, mapiri aja amafwifwa: amakwera mochedwa, nsonga zake n'kukhala zobulungira ndi zazifupi. Chodabwitsa n'chakuti resistive index ya impso yotere kawirikawiri imatsika m'malo mokwera, kotero woyeza amene amangofuna nambala yaikulu adzaidutsa n'kunena kuti ili bwino. Mwana wopezeka ndi vutoli akhoza kuthandizidwa potambasula mtsemphawo ndi kabaluni kolowetsedwa kudzera m'chuuno, kapena ndi opaleshoni, ndipo ena BP imatsika mpaka kuchepetsa kapena kusiya mankhwala.

Impso yopangika yaing'ono imaoneka mosiyana. Mtsempha wake ndi waung'ono, koma molingana ndi impsoyo, monga mmene kamudzi kakang'ono kamakhalira ndi kanjira kakang'ono. Mapiri ake amakwera msanga ngati a impso inzake, ndipo palibe malo amene liwiro likudumpha. Kuitambasulira mtsempha sikungawonjezere kasefa ngakhale kamodzi. Impso ya dysplasia imawala kwambiri pa chithunzi, malire a khungwa ndi mkati mwake osaoneka bwino, ndipo magazi ake amakhala ochepa. Pali mtundu wina umene impso yonse imangokhala mulu wa timatumba ta madzi, wopezeka mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi 4,000 obadwa. Mtsempha wake umakhala wochepetsetsa kapena kulibiretu, ndipo zambiri mwa impso zotere zimafota zokha ndi zaka popanda mpeni. Kale zinkachotsedwa mwachizolowezi. Masiku ano zambiri zimangoyang'aniridwa, ndipo chidwi chimapita kwa inzake yotsalayo, imene imayenera kukula kuposa msinkhu wake posenza ntchito ya ziwiri. Ikapanda kutero, pamenepo m'pamene pali nkhawa.

Sikuti impso yopangika yaing'ono ndi yosalakwa nthawi zonse. Erik Ask-Upmark wa ku Sweden anafotokoza mu 1929 impso zokhala ndi zigawo zofota zimene zimakweza BP kwambiri mwa achinyamata, mtsempha waukulu uli wotseguka bwinobwino. Doppler yabwino, tsono, simamasula mwana ku kuyezedwa BP.

Mwana asanabadwe njirayi imathandiza pa nthawi yovuta kwambiri. Kuyambira pakati pa mimba, madzi ozungulira mwana amakhala makamaka mkodzo wake. Impso zonse ziwiri zikasowa kapena zikalephera, madziwo amauma, mapapo sakula, ndipo mwana samakhalitsa akabadwa, monga anafotokozera Edith Potter mu 1946. Vuto n'lakuti madzi akauma chithunzi chimada, ndipo tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timatambalala m'malo opanda kanthuwo n'kumaoneka ngati impso. Woyeza akayatsa mitundu n'kutsata mtsempha waukulu wa mwanayo, amaona ngati pali nthambi ziwiri zopita kumbali, imodzi, kapena palibe. Yankho limenelo ndi lolemera kulipereka kwa mayi, koma limamupulumutsa ku opaleshoni yobereketsa yochitidwa pofuna kupulumutsa mwana amene sangapulumuke. Bungwe la World Health Organization linalangiza mu 2016 kuti mayi aliyense woyembekezera ajambulidwe kamodzi mimba isanakwane masabata 24, ndipo impso zimaoneka bwino cha m'masabata 18 mpaka 22, ngati woyeza wauzidwa kuti aziyang'ane.

Zonsezi zimamveka zophweka pa pepala. M'chipinda chojambulira, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mitsempha ya impso ili mkati kwambiri, kuseri kwa matumbo, ndipo mpweya wa m'matumbo umatchinga mawu. Munthu wamkulu amauzidwa kuti asadye ndi kuti agwire mpweya. Mwana wa zaka ziwiri sauzidwa kanthu, amangolira, impso n'kumakwera ndi kutsika. Liwiro limawerengeka molondola pokhapokha mawu akakumana ndi mtsempha mopendekeka osapitirira madigiri 60. Munthu mmodzi mwa anayi kapena asanu alionse ali ndi mitsempha yoposa umodzi ku impso imodzi, ndipo wopanikizika ukhoza kukhala umene sunaoneke. Mwa ana kupanikizika kumachitikanso m'tinthambi ta mkati timene Doppler imatiphonya, kotero mwana wa BP yokwera kwambiri amafunikabe kujambulidwa mitsempha ndi CT kapena ndi mankhwala olowetsedwa mu mtsempha, ngakhale Doppler itanena kuti zonse zili bwino. Ndipo kusaoneka kwa mitundu sikutanthauza kuti magazi kulibe. Makina akasiyidwa pa muyezo wa mitsempha ikuluikulu, magazi oyenda pang'onopang'ono mu impso ya khanda saoneka, ndipo impso yamoyo ikhoza kulembedwa kuti ndi yakufa.

Chachikulu kuposa zonse n'chakuti makinawa sawerenga timasefa. Sanena kuti impso ikugwira ntchito yochuluka bwanji. Funso limenelo limayankhidwa ndi kuyeza creatinine m'magazi, ndipo pofuna kudziwa gawo la impso iliyonse payokha pamafunika sikani ya DMSA, imene imapezeka m'mizinda yochepa ya chigawo chino. Kuchotsa impso yaing'ono potengera Doppler yokha n'kulakwa, chifukwa impso yopereka gawo limodzi mwa magawo asanu a ntchito yonse ikhoza kudzakhala kusiyana kwa moyo wabwinobwino ndi moyo wa pa makina osefera magazi zaka 30 zikubwerazo.

Amene amakonza bajeti za zaumoyo ayenera kuimva bwino mfundo imeneyi. Makina ojambulira atsika mtengo, ndipo ena ndi ogwira m'manja olumikizidwa ku foni. Opereka thandizo amawakonda chifukwa amaoneka bwino pa tsiku lopereka. Koma si onse amene ali ndi mbali yojambula mapiri aja, ndipo ngakhale ali nayo, luso loyeza mitsempha ya impso silibwera ndi maphunziro a masiku asanu. Nzeru ingakhale yakuti chipatala cha boma chidziwe kuyeza kutalika kwa impso molondola ndi kuzindikira mwana wofunika kutumizidwa, pamene Doppler ya impso ikhale m'manja mwa anthu ochepa amene amaichita sabata iliyonse. Kumapeto kwa msewuwu kuli kopanikiza. Ku Malawi dialysis ya boma yakhala ikudalira kwambiri zipatala za Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth Central ku Blantyre. Ngakhale ku South Africa malo ndi owerengeka, ndipo mu 1997 khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo linagamula pa mlandu wa Thiagraj Soobramoney kuti chipatala cha boma sichinalakwe pomukaniza dialysis chifukwa cha kuchepa kwa zipangizo.

Zimene zimatalikitsa mwana ku mzere umenewo ndi zotsika mtengo. BP iyezedwe chaka chilichonse ndi lamba wa msinkhu wake, pakuti lamba wa akuluakulu pa kadzanja ka mwana amapereka nambala yotsika monyenga, ndipo zipatala zambiri zili ndi wa akuluakulu yekha. Mkodzo uyezedwe ndi kapepala koviika pofufuza mapuloteni. Kutentha thupi kopanda malungo kuchititse woyeza kuganizira matenda a m'njira ya mkodzo. Mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, amene amagulidwa pa okala popanda funso, amachepetsa magazi olowa m'timasefa, ndipo jakisoni wa gentamicin amafuna kusamala. Kafukufuku wa ESCAPE, wochitika ku Ulaya pa ana 385 ndi kufalitsidwa mu 2009, anasonyeza kuti kutsitsa BP mwamphamvu kumachedwetsa kulephera kwa impso, kuphatikizapo mwa ana a impso zopangika zazing'ono.

Ana onse a m'kafukufukuyo ankamwa ramipril, wa m'gulu limodzi ndi enalapril ndi captopril, ndipo pamenepa zotsatira za Doppler zimagwiranso ntchito. Mankhwala a gulu limeneli amateteza impso ya timasefa tochepa, koma kwa munthu amene mitsempha ya impso zonse ziwiri ndi yopanikizika, kapena amene ali ndi impso imodzi yokha yogwira ntchito ndipo mtsempha wake ndi wopanikizika, akhoza kuimitsa kusefa m'masiku ochepa. Mtsikana amene akuwamwa ayeneranso kuuzidwa asanafike msinkhu wobereka kuti mankhwalawa amawononga impso za mwana wa m'mimba, ndipo amasinthidwa mimba isanayambe kapena ikangodziwika.

Impso yaing'ono imaweruzidwa ndi nthawi, ndipo woyeza wa chaka chamawa mwina sadzakhala wa chaka chino. Mawu akuti "yaing'ono" okha samuthandiza. M'buku la kuchipatala la mwanayo mulembedwe kutalika kwa impso iliyonse mu mamilimita, msinkhu ndi kulemera kwa mwanayo tsiku limenelo, resistive index ya mbali zonse ziwiri, liwiro la pansonga ngati linayezedwa, ndiponso ngati mtsempha unaoneka wonse kapena mbali ina inabisika ndi mpweya wa m'matumbo. Impso imene inali mamilimita 48 pa chaka chimodzi n'kufika 55 pa zaka zitatu ikukula, ngakhale ikutsalira inzake. Imene yaima pa 48, kapena yabwerera pa 44 BP ikukwera, iyenera kubwereranso pa makina a Doppler mwezi womwewo.